Ndimange mashopu 6 ang'onoang'ono kapena 4 okhala ndi khonde? Nkhani ya puloti ya pa Mponela

Bambo a Mphatso: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu, makamaka inu amene muli pa lendi m'mashopu ndi inu amene munamangapo kale. Ndili ndi puloti pa Mponela m'mbali mwa M1, ukamachokera ku Lilongwe ili kudzanja lamanja, kutsogolo kwake ndi mamita 18. Ndalama ndakhala ndikusunga zaka zinayi kuchokera ku soya ndi fodya ndiye chaka chino ndikufuna ndiyambepo mvula isanagwe. Amisiri amene ndawapeza akuti tidule tizipinda 6 ta mamita atatuatatu, kopanda khonde, chitseko chimodzi ndi windo imodzi basi, akuti lendi izilowa yambiri. Mayi akunyumba akukana, iwo akuti timange zinayi zotakasuka, khonde lalitali kutsogolo ndi chimbudzi kuseri. Mpaka pano sitinagwirizane ndipo ndalamayi ndi ya thukuta la banja lonse, sindikufuna kuitaya. Mukuti bwanji abale?

Aphiri a Hardware: Achimwene musadzivutitse, mangani 6. Zitseko zambiri ndalama zambiri, masamu ake ndi omwewo. Pa Mponela pamene paja olo mutaika kontena mawa munthu alowamo. Khonde silipereka lendi.

Make Tadala: Aphiri pepani koma apa ndikutsutsani, ndipo ndiyankhula ngati munthu amene wakhala pa lendi zaka khumi ndi saluni. Shopu yanga yoyamba inali kachipinda ngati kamene akukanena amisiriwo, 3 kwa 3, denga lotsika la malata opanda siling'i, ndipo chitseko chinayang'ana kolowera dzuwa. Kuyambira 1 koloko mpaka 5 dzuwa limalowa mpaka pagalasi. Mwezi wa October ndikayatsa dilaya mmenemo mumakhala ngati mu uvuni wa masikono, mayi amene wabwera kudzamangitsa tsitsi thukuta lili kamukamu mpaka mankhwala am'mutu kumayenderera kumaso, ine ndikumupukuta ndi thaulo uku ndikupepesa. Mkati mumangokwana anthu atatu, wachinayi adikire panja, ndipo panjapo palibe mthunzi olo pang'ono. Munthu amaima mphindi khumi nkunena kuti asisi ndikubwera ndikagule kaye ndiwo, osabweranso, mawa lake umamuona wamangitsa kwina. Nthawi ya mvula madzi onse apadenga amagwera pakhomo penipeni, kasitomala wavala bwino akupita ku ukwati alumphe chithaphwi kaye. Ndinapirira chaka ndi miyezi iwiri nkutuluka. Nditachoka munalowa wometa, anakhala miyezi isanu, kenako mnyamata wa mafoni, kenako chinakhala chotseka nthawi yaitali mpaka loko kuchita dzimbiri. Kumene ndili pano ndimalipira yokwererapo koma pali khonde, ndinaikapo benchi, azimayi amakhala pamenepo kumacheza akudikira, ena amabwera kudzaperekeza anzawo mapeto ake nawonso amangitsa. Chaka chino ndikukwanitsa zaka 6 pamalo amodzi ndipo alandilodi sanagogodepo pakhomo panga kufunsa lendi, ndimawatumizira ndekha pa 1.

Bambo a Mphatso: Zikomo amayi. Ndiye mwandikumbutsa chinthu, puloti yanga ili kum'mawa kwa msewu ndiye kuti zitseko zidzayang'ana kumadzulo ndithu.

Make Tadala: Ndiye mwadziyankha nokha abambo. M1 pamene paja yalunjika kumpoto, amene ali mbali yanuyo dzuwa lamasana ndi lawo lonse. Kopanda khonde katundu wa pawindo amasuluka, zitenje, mabotolo a mafuta odzola, majalini amasungunuka nkumatayikira m'mashelefu.

Aphiri a Hardware: Amayi nkhani yanu ndaimva koma saluni ndi bizinesi imodzi. Wa Airtel Money ndi Mpamba akufuna mamita anayi a chani? Wogulitsa makhadi ndi machaja? Ndipo musaiwale simenti wakwera, chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chomangira chinakwera mutu. Khonde la mamita 18 ndi malata angati, mapilala angati, matumba angati a simenti? Ndalama imeneyo ndi chipinda china chathunthu.

Nabanda: Aphiri ine ndine wa Airtel Money yemwe mukumunenayo. Zoona mkati sindifuna malo ambiri koma makasitomala anga onse amaima panja pa windo, pa mzere. Kumapeto kwa mwezi kapena nthawi ya fodya mzere umafika anthu khumi. Pakakhala popanda mthunzi amathawira kwa ajenti wina amene ali pansi pa mtengo ndi ambulera yake. Ndiye khondelo kwa ine ndiye shopu yeniyeniyo.

Mmisiri wa ku Kawale: Moni akuluakulu. Ndalowa mochedwa, ndinali pa saiti. Bambo a Mphatso tiyeni tiyambe ndi masamu a Aphiri chifukwa ndi amene akuvuta. Tiyerekeze tizipinda 6 pa K60,000 kalikonse, ndi K360,000 pa mwezi. Zinayi zabwino pa K90,000 ndi K360,000 yomweyo. Kusiyana kumabwera pa miyezi imene chipinda chili chotseka. Ngati tiwiri mwa tizipinda 6 tija takhala opanda munthu miyezi inayi pa chaka, mwataya K480,000, kuonjezera penti ndi maloko chifukwa aliyense wotuluka amasiya khoma lobooka misomali ndipo wolowa amafuna mupentenso. Anthu ambiri amawerenga zitseko osawerenga miyezi. Tsono pa mamita 18 anuwo ine ndikanadula zinayi za mamita anayi anayi nkusiya kanjira ka mamita awiri mbali imodzi kopita kuseri, kodutsa wilibala, kuti katundu wa matumba azitsitsira kuseri osati kudutsa pamiyendo ya makasitomala, ndipo kuseriko ndi kumene kukhale chimbudzi, mpopi ndi dzala la zinyalala.

Mmisiri wa ku Kawale: Chachiwiri ndi msinkhu wa khoma. Amisiri ambiri pofuna kusangalatsa bwana amatsitsa denga kuti apulumutse makosi (mizere) awiri atatu a mabuloko, koma makosi amenewo ndi amene amasiyanitsa shopu yozizira ndi yotentha. Kwezani kufika mamita atatu kapena kupitirira pang'ono, ikani mavent pamwamba kutsogolo ndi kuseri kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo windo yaing'ono kuseri yokhala ndi mabagala kuti mphepo izidutsa. Chipinda cha windo imodzi mpweya umalowa koma ulibe kotulukira. Chachitatu pansi pakhale pokwera kuposa msewu, ikani DPC, pepala lakuda lija, apo ayi chinyezi chimakwera m'khoma, pulasitala nkumayoyoka, shuga ndi mchere wa wagolosale kumaundana m'mabelo, ufa kuchita nkhungu. Ndaona ndi maso anga munthu akutaya makatoni a sopo ndi machesi chifukwa anasanja pansi m'chipinda chopanda DPC.

Aphiri a Hardware: Apa amisiri mwanena zoona za chinyezi, simenti wanga matumba 12 anauma m'sitolo chaka cha namondwe Freddy ngakhale kuno mvula sinavute ngati kum'mwera. Koma pa khonde sindinagonje.

Madala a ku Limbe: Ana anga ndiloleni ndiponyepo mawu, ine ndakalamba ndikuona masitolo. Kayendeni mu Limbe, mu Zomba kapena ku Old Town ku Lilongwe, muone masitolo akale amene anamanga amwenye. Pafupifupi onse ali ndi khonde lalikulu la mapilala kutsogolo, sitolo pakati, nyumba kapena mosungira katundu kuseri. Sanamange makonde aja chifukwa chokonda kukongola ayi. Pakhonde paja pamakhala telala ndi makina ake a Singer, mayi akagula nsalu mkati amangotuluka masitepe awiri nkuyezetsa diresi pompo, telala amapereka kangachepe kwa mwini sitolo, ndipo mwini sitolo amagulitsa nsalu yambiri chifukwa cha telalayo. Wina wokonza mawotchi, wina wosoka nsapato, onse pakhonde lomwelo. Ndiye Aphiri mukamati khonde silipereka lendi, ine ndinaliona likupereka ndili mnyamata. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu litalamula kuti amwenye achoke m'madera akumidzi azichita malonda m'mizinda, masitolo awo anatsala m'ma trading centre, ndipo ambiri mpaka lero akugwirabe ntchito, asintha eni kangapo, lero ndi golosale mawa ndi mogulira mbewu mkucha ndi tchalitchi, koma nyumba ili chiimire. Olo Mandala House ku Blantyre ya 1882 ija, taonani khonde lake lozungulira. Anthu aja ankadziwa dzuwa ndi mvula ya dziko lino.

Nabanda: Madala mwandikumbutsa agogo anga aamuna, anali telala wa pakhonde. Sukulu ya mayi anga inalipiridwa ndi makina apakhonde.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi. Ine ndikugwira ntchito m'shopu ya zakudya kuno ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chiwiri, ndiye ndionjezepo za mkati chifukwa nonse mukukamba za kunja. Kuno masitolo akuluakulu buledi, mkaka ndi nyama amaika kumapeto kwenikweni, dala, kuti munthu wobwera kudzagula buledi adutse mashelefu onse, potuluka watenga zinthu zinayi. Maswiti ndi tinthu ting'onoting'ono amaika pa thilu pamene ukudikira kulipira. Zimenezi zimatheka pokhapokha munthu akamalowa mkati nkumayenda. Chipinda cha mamita atatu ukaika mashelefu uku ndi uku ndi kauntala, kasitomala alibe polowa, amangoima pakhomo nkutchula chimene wabwerera, sopo mmodzi, walipira wapita. Sanaone kuti muli Blue Band, sanaone kuti mwabweretsa mapoto atsopano. Ma spaza, timagolosale tating'ono ta m'malokeshoni akuno, ambiri amagulitsira pa kawindo ka waya chifukwa cha mbava, ndipo ndi chifukwa chake munthu amagulapo chinthu chimodzi chimodzi. Ngati mukufuna wa lendi wokhala ndi mpamba waukulu, wa mankhwala, wa zipangizo zaulimi, wa holoselo, ameneyo kachipinda ka 3 kwa 3 sangakayang'ane nkomwe.

Aphiri a Hardware: Koma abale tisaiwale kuti malonda ndi malo. Pitani pa Lizulu kapena pa Jenda, azimayi akugulitsa tomato ndi mbatata pansi pa thumba, kopanda denga kopanda khonde, ndalama akupanga. Nyumba siigulitsa katundu, chogulitsa ndi anthu odutsa.

Madala a ku Limbe: Aphiri apa mwalasa, ndipo mwatithandiza osadziwa. Chogulitsa ndi phazi la munthu wodutsa, ndiye kamangidwe kabwino ndi kamene kamatsata phazilo. Mukumbukira 2006, nthawi ya a Bingu, Operation Dongosolo, mavenda onse anachotsedwa m'misewu ya m'mizinda kuti akalowe m'misika. Misewu inayera ndithu. Koma zaka zitapita anthu anabwerera m'misewu, ndipo mpaka lero nkhani yake ndi yomweyo ya kuthamangitsana. Mukawafunsa amanena zinthu ziwiri, malo ndi ochepa, komanso amene wapatsidwa benchi yakumapeto kwa msika amatha tsiku osaona kasitomala chifukwa ogula amathera pa geti. Msika wa geti imodzi umalemeretsa mabenchi khumi oyamba. Ukakhala ndi mageti mbali zonse ndipo njira zake zikudutsa kuchokera ku depoti kupita kumene anthu akukhala, aliyense amagulitsa. Ndiye malo okha sakwanira, mpofunika kuona kuti pamalopo anthu akuyenda kuchokera kuti kupita kuti.

Make Tadala: Eya, ndipo khonde lolumikizana limakhala ngati kanjira. Munthu akathawa dzuwa nkukwera pakhonde kumapeto uku amayenda mpaka kumapeto uko, wadutsa zitseko zonse zinayi akusuzumira.

Mmisiri wa ku Kawale: Bola likhale lofanana msinkhu kuyambira uku mpaka uko. Ena amamanga khonde la masitepe pa shopu iliyonse, kukwera kutsika kukwera kutsika, munthu amangosankha kuyenda mumsewu.

Nasibeko: Pa masitepe pomwepo ndiyankhuleko. Mayi anga anadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo, pano amayenda pa wilitcheya. Ndi munthu amene ndalama yake ya penshoni amafuna agule yekha zinthu zake, asankhe yekha chitenje, koma m'tauni mwathu muno mashopu amene ndingathe kuwalowetsa ndi owerengeka. Pena masitepe atatu ataliatali, pena ngalande yotseguka pakhomo yoikapo thabwa limodzi. Tsiku lina pa shopu ina ya mankhwala ndinawasiya panja padzuwa ine nkulowa ndekha, mnyamata wogulitsa amafuula mafunso kuchokera mkati, mayi akuyankha za matenda awo anthu onse odutsa akumva. Pobwerera sanayankhule njira yonse. Kuyambira tsiku limenelo timapita ku shopu ina yakutali, ndimalipira kabaza kawiri, chifukwa kumeneko kuli potsetsereka polowera ndipo chitseko ndi chachikulu. Banja lonse timagula kumeneko tsopano, ife, achemwali anga ndi ana awo. Bambo a Mphatso potsetsereka pamodzi kumapeto kwa khonde ndi matumba awiri kapena atatu a simenti, ndipo sipathandiza aulumali okha, agogo a ndodo, mayi woyembekezera, ngakhale wa wilibala wobweretsa makireti amadutsa pomwepo.

Bambo a Mphatso: Achemwali pepani ndi zimene zinawachitikira mayi. Izi sizinali m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Ndalemba.

Nabanda: Pamene mukulembapo lembaninso mita ya magetsi. Chonde chonde shopu iliyonse mita yakeyake. Kumene ndinali kale tinali anthu asanu pa mita imodzi, wina wa butchala ndi mafiliji awiri, wina wowotcherera, ine ndi babu limodzi ndi chaja ya foni, koma mayunitsi timasonkha mofanana. Mwezi ndi mwezi mkangano, mpaka anthu osalonjerana. Atatu tinatuluka chaka chimodzi osati chifukwa cha lendi koma mayunitsi.

Achimwene a ku Joni: Ndipo pokoka mawaya siyani njira ya sola. Mukukumbuka 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mmene magetsi amazimira, ine ndinali kumudzi pa holide nthawi imeneyo. Shopu ya mdima masana imafuna babu tsiku lonse, magetsi akazima kasitomala saona katundu. Windo yaikulu kutsogolo ndi lata limodzi loonekera padenga zimathandiza.

Mmisiri wa ku Kawale: Lata loonekera ndi labwino pa kuwala koma limalowetsa kutentha ndipo likakalamba limang'aluka, komanso mbava zimalikonda. Ine ndimakonda mawindo apamwamba pa chitseko okhala ndi mabagala. Ndipo poti tatchula mbava, Bambo a Mphatso makoma ogawa zipinda afike mpaka kumalata, asathere pa bimu, lamba wa konkire wa pamwamba pa khoma uja. Anthu amasiya mpata pamwamba kuti apulumutse mabuloko, ndiye wakuba akaboola denga la shopu imodzi amayenda pamwamba kulowa zonse usiku umodzi. Moto nawonso umadutsa momwemo. Misika yathu yapsa kangati, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, nkhani imakhala imodzimodzi, mashedi a matabwa ogundana, mawaya olumikiza mwachisawawa, ndi tinjira topanikiza toti galimoto yozimitsa moto singalowe. Khoma lofika pamwamba limagula nthawi yoti anthu atulutse katundu.

Aphiri a Hardware: Mabuloko a simenti panopa ali pa mtengo wanji ku Lilongwe amisiri? Kuno akutidula khosi. Ndipo mchenga wa kumtsinje tipa imodzi mukugula zingati?

Admin: Aphiri za mitengo tikambe madzulo pa nthawi ya malonda, apa timalize kaye ya a Bambo a Mphatso isasokonekere.

Bambo a Mphatso: Koma funso la Aphiri landikhudza. Ine ndimaganiza zoumba njerwa nkuotcha kumudzi, nkhuni zilipo.

Mmisiri wa ku Kawale: Abwana samalani pamenepo. Kuyambira 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, chifukwa cha kutha kwa mitengo. Ndikudziwa kuti ambiri akumangabe nazo koma inu mukumanga m'mbali mwa M1 poonekera aliyense, pulani yanu ikadutse ku khonsolo ya Dowa ndipo mukafunse komweko. Mabuloko amaoneka odula pogula koma khoma limakwera msanga ndipo matope a simenti amalowa ochepa. Ndipo chinthu chachikulu chimene palibe wachitchula, malire a msewu. Pa msewu waukulu ngati M1 malo a msewu ndi mamita 30 kuchokera pakati pa tala mbali iliyonse. Musayeze kuchokera m'mphepete mwa tala, yezani kuchokera pa mzere wapakati. Mwaona nyumba zolembedwa X wofiira m'mbali mwa misewu, eni ake anamanga mkati mwa malire. Mukhoza kumanga shopu yokongola bwanji koma ngati khonde lalowa m'malire a msewu tsiku lina lidzagwetsedwa.

Bambo a Mphatso: Mamita 18 ndinayeza m'lifupi, koma kuchokera pamsewu sindinayezepo, ndinangotengera pamene anzanga oyandikana nawo anamanga.

Madala a ku Limbe: Mwana wanga usatengere mnzako pa nkhani ya malire. Kayeze wekha ndi tepi.

Achimwene a ku Joni: Ndipo kubwerera m'mbuyoko si kutaya malo. Mpata wakutsogolowo ndi poimika galimoto, njinga za kabaza ndi ngolo. Taonani Gateway Mall ku Lilongwe kapena Chichiri ku Blantyre, malo oimika magalimoto ndi aakulu kwambiri kutsogolo, chifukwa munthu wa galimoto akasowa poima amapitirira. Pa M1 pamadutsa anthu opita ku Kasungu, Mzimba, Mzuzu, akaona poima pabwino amatsika kugula madzi, mayunitsi, kanyenya.

Nabanda: Koma achimwene musayerekeze Mponela ndi Gateway. Ku Gateway amamangira anthu a magalimoto, pa Mponela ogula ambiri amabwera wapansi, pa njinga ndi pa ngolo kuchokera m'midzi, makamaka nthawi yokolola. Chofunika ndi pokolekera njinga pamthunzi poti mwini wake aziiona ali mkati, ndi poti pikapu iime kutsitsa matumba. Musawaonongetse ndalama ndi zoyala pansi za m'tauni, gelevulo wothira bwino ndi ngalande yophimba zakwana.

Achimwene a ku Joni: Zoona asisi, ndavomera. Ine ndimanena za mpata wokha.

Make Tadala: Chimbudzi musachiiwale m'nkhani zonsezi. Azibambo mumaiona yaing'ono nkhani imeneyi chifukwa inu mumangozungulira kuseri. Mzimayi amene akhale m'shopu kuyambira 7 m'mawa mpaka 6 madzulo, mwina ali ndi mwana kumsana, akafuna kudzithandiza atseke shopu ayende mtunda kukapempha kwa eni nyumba ena kapena kulipira ku msika. Kasitomala wanga amakhala maola anayi akumangitsa, ndimuuze chani? Ndipo lesitilanti kapena butchala a zaumoyo sangakulole kopanda chimbudzi ndi madzi, makamaka chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023 ija. Ndiye kopanda chimbudzi mwadzitsekera nokha mabizinesi amene amalipira lendi yabwino.

Aphiri a Hardware: Chabwino, chimbudzi ndi mita ndagwirizana nazo, khonde nalonso mwandipanikiza. Koma ndikhalebe ndi nkhawa imodzi ndipo ndi yeniyeni. Pa trading centre ndalama imayenda ndi nyengo, April mpaka August anthu ali ndi ndalama za fodya ndi soya, January ndi February kuli gwa. Munthu wolipira K90,000 mu February pa Mponela mumupeza? Kachipinda kotchipa kamapeza munthu msanga. Mukamanga zikuluzikulu zokhazokha mukhoza kukhala ndi nyumba yokongola yopanda anthu.

Madala a ku Limbe: Funso limeneli ndi la nzeru, lisanyozedwe.

Mmisiri wa ku Kawale: Lili ndi yankho la kamangidwe Aphiri. Nyumba isamangidwe ngati kuti mabizinesi a lero ndi omwe adzakhalepo zaka 20. Zaka 15 zapitazo ndani ankadziwa kuti pa trading centre iliyonse padzadzaza ma ajenti a ndalama za pafoni? Nanga matelefoni bulo aja ali kuti lero? Ndiye chitani chonchi, denga ligone pa mapilala ndi bimu, makoma apakati asanyamule kanthu. Zipinda ziwiri zikhale za mamita anayi zokhazikika. Ziwiri zinazo muziikire zitseko ziwiriziwiri kutsogolo kuyambira pachiyambi, kuti zinthu zikavuta mudule ndi bolodi pakati zikhale tizipinda ta mamita awiri ta ajenti, wa mafoni kapena telala, zinthu zikayenda muchotse bolodi. Komanso pa khoma la pakati pa zipinda zikuluzikulu ziwiri zija ikiranitu lintala, mtanda wa konkire ngati wa pamwamba pa chitseko uja, mutseke ndi mabuloko, tsiku limene wa lendi wakula bizinesi nkufuna zipinda ziwiri mungogumula pansi pa lintala osagwedeza denga. Wa lendi amene wakula nkusowa kokulira amasamuka, ndipo amene amasamukayo ndi uja wolipira bwino.

Aphiri a Hardware: Apa ndiye mwandipeza amisiri. Ine ndemwe ndinasamuka malo anga oyamba chifukwa mapaipi ndi malata a mamita atatu ndi theka samalowa, ndimawasiya panja nkumalipira mlonda.

Nasibeko: Ndiye mwaona Aphiri, nanunso nyumba inakusamutsani.

Aphiri a Hardware: Inandisamutsa ndithu achemwali, ndipo makasitomala ena anandisowa miyezi ingapo osadziwa kumene ndapita.

Bambo a Mphatso: Abale ndathokoza kwambiri, ndawerenga zonse kawiri ndipo ndawawerengera mayi akunyumba. Mmene ndikuonera ndalama yanga singakwane zonsezi nthawi imodzi. Ndikuganiza zothira maziko a nyumba yonse, nkumaliza zipinda ziwiri zokha ndi khonde lake, potsetsereka paja ndi chimbudzi, zinazo ndidzakweze chaka chamawa ndikagulitsa soya. Kodi pamenepo pali vuto amisiri? Komanso amisiri anga aja ndiwauza bwanji, poti ndi achibale a kuchikazi ndipo pulani ya tizipinda 6 anajambula okha pa pepala la kope.

Mmisiri wa ku Kawale: Kumanga mwa magawo kulibe vuto, bola maziko athiridwe onse pamodzi ndipo zitsulo za mapilala ndi bimu muzisiye zotulukira kuti zidzalumikizane, muzipake simenti wamadzi zisachite dzimbiri. Yambani ndi mbali imene ili kufupi ndi siteji ya minibasi. Za achibalewo musawachotse ntchito, ingopezani wojambula mapulani akujambulireni yoyenera, ikadindidwa ku khonsolo muwapatse kuti pepala la boma likuti chonchi, sadzakhumudwa.

Make Tadala: Ndipo musanajambulitse pitani mukakhale pa pulotipo tsiku la msika kuyambira m'mawa, muone anthu akutsikira pati, akudutsa mbali iti, mvula ikagwa madzi amalowera kuti. Funsani azimayi ogulitsa pafupipo, amadziwa zonse.

Bambo a Mphatso: Ndipita Loweruka lino ndi tepi. Amisiri ngati muli ndi mpata tiyeni limodzi, thiransipoti ndi nkhomaliro ndi zanga.

Mmisiri wa ku Kawale: Loweruka m'mawa ndili ndi silabu ku Area 36, ndikhoza kunyamuka 12. Tikafike cha m'ma 2 kuti dzuwa tilipeze lili pamene Make Tadala amanena paja, tiyeze pomwepo kuti khonde lituluke mamita angati. Mubweretse zikhomo zinayi ndi chingwe, tepi yaitali ndili nayo.